Mawu amene ndinalembera mtchona wa m'sewero

Nthawi imeneyo ndinkasokera m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya nsalu ku Actonville, ku Joni, koma ndinkagona ku Wattville. Ine ndi mkazi wanga tinkachita lendi chipinda kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachizulu. M'mawa ndi madzulo ndinkayenda wapansi, ndipo njira yanga inkadutsa pa holo ya anthu a m'deralo. Ndinkadziwa kuti m'menemo mumachitika maukwati, misonkhano yodandaula za magetsi, nthawi zina mwambo wa maliro a munthu wotchuka. Zaka zonsezo ndinali ndisanalowemo. Ndinkangoitenga ngati nyumba ya eni.

Nyengo yachisanu itangoyamba ndinaona chipepala chachikulu atamata pampanda wa holoyo. Chinkalengeza zimene zichitike miyezi itatu yotsatira: poyamba sewero la ana asukulu, kenako tsiku la nyimbo za opera, ndipo potsiriza sewero loimba lonena za anthu a m'migodi. Ndinawerenga mpaka pansi, n'kupitiriza ulendo. Sindinaganize n'komwe kuti zingandikhudze.

Patapita masiku ochepa, kushopu kunabwera mayi wina wamfupi, wa imvi zometa bwino, atanyamula chikwama chodzaza mapepala. Anali mphunzitsi wopuma pantchito, Msuthu, ndipo ndiye ankatsogolera zisudzo zonse zija. Mwini sitolo ya nsalu ndiye anamulozera kwa ine.

"Ntate, ndamva kuti mumasoka bwino ndiponso simunamiza anthu tsiku," anatero m'Chizungu chosakaniza ndi Chisuthu, momwe ntate n'kunena kuti bambo. "Ndikufuna maovolosi khumi ndi awiri, madiresi anayi, ndi jekete limodzi looneka lakale. Koma muzibwera kuholo kudzawayeza, chifukwa anthu anga amagwira ntchito, sangabwere kuno."

Ndinavomera. Ntchito inali itachepa, monga imachitira nthawi yachisanu maukwati akasowa.

Woyamba kumuyeza anali mayi woimba opera. Ankagwira ntchito ya unamwino, ndipo anafika ali m'yunifolomu, ataponda nsapato zafulati. Nditakulunga tepi m'chiuno mwake n'kukwera nayo m'nthiti, anandigwira dzanja.

"Apa musathinitse, baba. Ndimapumira apa."

Anakoka mpweya kuti ndione, ndipo tepi inatseguka pafupifupi zala zinayi. Ndakhala ndikuyeza anthu kuyambira ndili wachinyamata, koma ndinali ndisanaonepo nthiti zotanuka chotero. Kenako anakwera pasiteji kukayeserera. Nyimboyo inali ya Chitaliyana, sindinamvepo liwu ndi limodzi lomwe, koma ndinapezeka ndaima chilili, pensulo ili m'manja, nditaiwala nambala imene ndimafuna kulemba. Analibe chimkuzamawu. Mawu ankangotuluka mwa munthu n'kudzaza holo yonse mpaka kumalata. Diresi lake ndinalisoka ndi timapinda tobisika m'mbali, kuti lizimutsatira akamapuma.

Loweruka lotsatira masana ndinapita kukayeza amuna a sewero la m'migodi. Ankayeserera ine ndikuwaitana mmodzimmodzi pakona. Nyimbo zawo zinali zamphamvu, ankaponda pansi ndi magambuti mpaka fumbi kutuluka m'matabwa. M'seweromo munali munthu wina amene ankangomutchula kuti Mnyasa, dzina lakale la Mmalawi. Ameneyu ankamusewera bambo wina wamtali, wachizulu, wa zaka ngati makumi anayi, amene ankayendetsa galimoto yonyamula katundu m'nyumba ina yosungiramo katundu ku Kempton Park. Mnyasayo ankayenda ndi sutukesi paliponse, n'kumauza anzake kuti mwezi wamawa akupita kwawo. Mwezi ukatha ankanenanso zomwezo. Akati alankhule chinenero chakwawo, ankangotulutsa mawu opanda tanthauzo, ofanana ndi kulira kwa nkhanga, ndipo onse ankafa nacho chiseko.

Ineyo ndinaseka nawo. Ndiyenera kunena zimenezi chifukwa ndi zoona. Ndinali ndi mapini kukamwa, ndinaseka mpaka imodzi inagwa. Koma pobwerera kunyumba, chiseko chija chinayamba kundiwawa.

Ndinafotokozera mkazi wanga. Iye anali atangofika kuchokera kuntchito yake ya m'nyumba ku Benoni, akuvula nsapato.

"Ndiye inu munanena chiyani?" anafunsa.

"Palibe."

"Ndiye mwabwera nazo kwa ine kuti nditani nazo? Ine sindili m'seweromo."

Mkazi wanga ankadziwa chimene chinkandivuta. Bambo anga anapita kumigodi ndili wamng'ono kwambiri, kwathu ku Ntcheu. Anabwerako kawiri. Ndimakumbukira bulangete lofiira, ndi fungo la sopo amene sitinkamudziwa. Ulendo wachitatu sanabwerenso. Makalata anabwera kwa kanthawi, kenako anasiya. Amayi anga sananenepo kuti amwalira, sananenenso kuti ali moyo. Anthu m'mudzi ankangoti ndi mtchona, ndipo mawu amenewo ankathetsa nkhani. Nditakula n'kubwera ku Joni, zaka zoyambirira ndinkayang'anitsitsa nkhope za azibambo okalamba pamalo okwerera matakisi. Sindinafunsepo munthu. Ndinkangoyang'ana basi, mpaka ndinatopa n'kusiya.

Sabata yotsatira ndinatenga jekete la Mnyasa uja kupita nalo kuholo. Ndinaligula lakaunjika, ndinalifupikitsa manja, n'kusokera chigamba pachigongono. Mayi wotsogolera uja akuliyang'ana, ndinalimba mtima.

"Mayi, munthu uyu amene mukuti Mnyasa, kwathu n'komweko. Zimene akulankhulazo si chinenero. Kulibe munthu amalankhula choncho."

Ndinkayembekeza kuti akwiya kapena aseka. Koma anakhala pampando, jekete lili pamiyendo. Kenako anandiuza kuti munthu uja sanamupeke. Anali agogo ake, bambo a mayi ake. Ankakhala pampando kunja kwa nyumba ku Daveyton, osalankhula kwenikweni, ndipo akalankhula ana ankawaseka. Sutukesi yawo inali pansi pa bedi mpaka tsiku la imfa yawo. Iye anali mmodzi wa ana osekawo.

"Mawu awo ndinawaiwala, ntate," anatero. "Chimene ndinasunga ndi kamvekedwe kake basi. Ngati mukudziwa zimene akanalankhula, ndilembereni. Pali pamene amalembera mkazi wake kalata. Ndikupatsani malo amenewo."

Ndinati ine ndine telala, si wolemba. Anati nayenso ndi mphunzitsi wa masamu.

Ndinavutika nayo kalatayo milungu iwiri. Ndinkalemba kuseri kwa mapepala oduliramo zovala, makina ataima. Yoyamba inatuluka yaitali. Munthuyo ankapepesa, ankalira, ankapempha chikhululukiro kwa mkazi ndi kwa Mulungu, ankatchula mwana wake kuti ndiye mtima wake. Ndinawerengera mkazi wanga Lamlungu titabwera kutchalitchi. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"N'zokoma," anatero. "Koma apongozi anga sakanalemba choncho. Awa ndi mawu amene inu mukufuna kumva."

Ndinakwiya. Ndinatuluka panja, ndinakaima pampopi ngati ndikufuna madzi. Ndili pomwepo ndinayamba kuganiza za mmene ineyo ndimalankhulira ndi amayi pafoni. Panali patatha zaka zisanu ndi ziwiri ndisanapite kumudzi. Kodi ndinkapepesa? Ayi. Ndinkafunsa za mvula, za mbuzi, za denga. Ndinkati chaka chino zinthu sizinayende, tiona chaka chamawa. Ndinazindikira kuti sindikufunika kupeka mawu a bambo anga. Ndinali nawo kale pakamwa panga.

Yachiwiri inatuluka yaifupi. Ndimaikumbukirabe yonse:

"Amake mwana, ine kuno ndili bwino. Kukuzizira kwambiri. Chaka chino ndalephera kubwera. Sindingafike chimanjamanja, anthu angandiseke. Denga lija muuze achimwene akuthandizeni mvula isanayambe. Ndinaona nsapato zabwino za mwana m'tauni, koma sindinagule. Kaya phazi lake lafika pati tsopano."

Mkazi wanga sananene kuti n'zokoma. Anangoti, "Apitireni nazo."

Ntchito inatsala inali yophunzitsa bambo wamtali uja. Tinkakumana m'holo Loweruka, ndipo mkati mwa sabata ankanditumizira mawu ojambula pafoni nthawi yopuma kuntchito, kumbuyo kukumveka magalimoto akulira pobwerera m'mbuyo. Mawu oti "ndalephera" anamuvuta masiku anayi. "Chimanjamanja" ankalikonda, ankangolibwereza ngati nyimbo.

"Baba, lilime langa lathyoka," ankatero.

Poyamba sanasangalale nako kusinthako. Malo aja ndi amene anthu ankamusekerera kwambiri, ndipo munthu wa zisudzo amakonda chiseko cha anthu. Anandiuza yekha mosabisa. Koma ankafunsa mafunso, ndipo mafunso akewo ndi amene anandisonyeza kuti ntchito wayigwira ndi mtima. Anafunsa chifukwa chimene munthu akulankhula ndi mkazi wake ngati akulankhula ndi anthu ambiri. Ndinamuuza kuti kwathu ulemu umatero, ngakhale m'nyumba. Tsiku lina atavala jekete lija anandiyang'ana n'kufunsa:

"Koma baba, munthuyu bwanji osangokwera basi n'kumapita? Mkazi wake akufuna iyeyo, osati nsapato."

Ndinayamba kufotokoza za manyazi, za mmene mudzi wonse umatulukira kudzaona zimene wa ku Joni wabweretsa, za mmene chaka chilichonse chowonjezera chimakulitsira katundu amene ukuganiza kuti uyenera kufika naye. Ndili mkati mofotokoza ndinaona kuti ndasiya kunena kuti "iye", ndikunena kuti "ife". Bamboyo anamva, koma sanandichititse manyazi. Anangogwedeza mutu n'kunena kuti tiyambirenso.

Tsiku la opera linafika, ndipo tinapita ndi mkazi wanga. Aka kanali koyamba kukhala pampando m'holomo ngati oonerera. Anthu anavala ngati akupita kuukwati. Namwino uja anaimba atavala diresi langa lobiriwira, ndipo ine theka la nthawi ndinkayang'ana msoko wa m'mbali. Sunaphwasuke. Mkazi wanga potuluka anati sanamve kanthu koma misozi imangotuluka yokha, ndipo zinamukwiyitsa kulira chinthu chosachidziwa.

Za sewero la m'migodi anazilengeza ndi mkazi wangayo, kutchalitchi kwathu kumene timasonkhana m'kalasi ya sukulu ina. Anthu sanazilandire msanga. Ena anati zisudzo n'za anthu okhuta. Ena anati Loweruka ndi tsiku la maganyu. Bambo wina, mlonda, ananena chimene ambiri ankaganiza: kuti si nzeru Amalawi kudzionetsa gulu pamalo a eni, nthawi zina zinthu zimatembenuka. Sindinamutsutse, chifukwa tonse tinaonapo masiku oipa kuno, eni dziko akuukira alendo. Ndinangoti seweroli ndi la masana, litha dzuwa likadalipo, ndipo muli mawu akwathu.

Loweruka lake linafika. Ine ndinali kuseri kwa siteji ndi singano ndi ulusi, kudikira chimene chingang'ambike. Nditasuzumira pakatani ndinaona holo yadzaza. Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, kunali mizere iwiri ya anthu akwathu. Ena anachokera ku Tembisa. Panalinso azibambo atatu a ku Mangochi ogulitsa zinthu mumsewu, atavala zisoti zawo zoyera. Mlonda uja analiponso, atakhala pampando wakumapeto.

Sewero linayenda bwino. Mnyasa akatulukira ndi sutukesi yake anthu ankaseka, ndipo akwathu aja ankaseka nawo, mwina kuposa ena. Kenako inafika nthawi ya kalata. Anzake onse anachoka pasiteji. Bambo wamtali uja anakhala pa sutukesi, anatulutsa pensulo, n'kuyamba: "Amake mwana, ine kuno ndili bwino."

Ena anayamba kuseka poganiza kuti nthabwala ikupitirira. Koma kumbuyo kuja kunali zii, ndipo bata limenelo linayenda pang'onopang'ono kubwera kutsogolo mpaka holo yonse inakhala chete. Ambiri sankamva mawuwo. Ankangoona munthu wamkulu atawerama, akulankhula motsitsa. Bamboyo sanalakwitse paliponse. Atafika pa phazi la mwana anaima pang'ono, monga tinagwirizana.

Pamenepo mawu anamveka kuchokera pakati pa holo, osati kumbuyo kwa akwathu kuja. Anali mawu a munthu wokalamba, onjenjemera koma okweza, m'Chichewa:

"Pita kwanu, mwanawe! Usadikire nsapato. Pita!"

Anthu anatembenuka. Bambo wa pasiteji uja anadzidzimuka, sanamve tanthauzo lake, ndipo anayang'ana kumene ndinaima. Ndinamukodola kuti apitirize. Anapinda kalata, anaika m'thumba la jekete, oimba n'kulowa.

Zimene zinatsatira m'seweromo sindinazione. Ndinkadziwa kuti n'zopusa, Joni ndi wamkulu ndipo zaka zinali zitapita zambiri, koma ndinkawerengera zaka za bambo anga n'kumaziyerekeza ndi mawu aja. Munthu wina anandipatsa ovolosi yong'ambika pakhwapa, ndipo ndinalephera kulowetsa ulusi pasingano.

Sewero litatha ndinatsika n'kukawafuna. Anali agogo aang'ono thupi, atavala chipewa chaubweya ndi jasi lalitali, ndodo ili pakati pa miyendo. Pambali pawo panaima mtsikana wina wa m'gulu la oimba, mdzukulu wawo, amene anawabweretsa kuti adzamuone akuimba. Ankawayang'ana ngati akuona munthu wachilendo. Mtsikanayo anandiuza m'Chizulu kuti chibadwire sanawamvepo akulankhula chinenero chimenecho.

Ndinagwada pang'ono n'kuwapatsa moni. "Muli bwanji, agogo?"

Anandigwira dzanja ndi manja awiri. Anayankha, koma mawu ankabwera movutikira, ena a Chizulu, ena a chinenero chosakaniza chimene anthu ankalankhula m'migodi. Anati kwawo ndi ku Nkhotakota. Nditangomva zimenezo ndinadziwa. Sanali bambo anga. Nkhope yawonso sinali yakwathu n'komwe.

Komabe ndinawatchulira dzina la bambo anga ndi mudzi wathu. Aka kanali koyamba kufunsa munthu chibwerereni ku Joni. Anaganiza nthawi yaitali, milomo ikuyenda, akubwereza dzinalo.

"Ayi, mwanawe," anatero. "Tinalipo ambiri."

Akwathu aja anali atatizungulira. Aliyense ankafuna kuwapatsa moni, kuwafunsa kuti anabwera liti, kuwauza kuti msewu wakwawo tsopano ndi wa tala. Mmodzi wa a ku Mangochi aja anawatchulira midzi ya m'mbali mwa msewu umenewo umodziumodzi, ndipo agogowo ankavomera uliwonse ndi mutu. Mayi wotsogolera zisudzo anaima patali pang'ono, mapepala ake ali pachifuwa, osayandikira. Nditamufotokozera zimene agogowo anakuwa, anangoti, "Mawa tikaseweranso, kodi abweranso?" Ndinati sindikudziwa. Sanabwere, ndipo tsiku lachiwirilo malo aja anangodutsa mwakachetechete.

Patatha milungu iwiri, agogowo anatulukira kushopu kwanga ndi buluku loti ndilifupikitse. Bulukulo linali lowakwana kale. Ndinalipinda pang'ono kuti ndisawakhumudwitse. Kuyambira pamenepo ankabwera pafupifupi Lachitatu lililonse, n'kukhala pa mpando wa makasitomala, ine ndikusoka. Chichewa chawo chinkabwerera pang'onopang'ono. Ankafunsa mayina a zinthu: kodi kambalame kaja kamatchedwa chiyani, kodi chomwe amapetera mpunga chija n'chiyani. Anandiuza kuti anasiya mkazi ndi ana awiri aakazi. Ndinawauza kuti masiku ano n'zosavuta, pali anthu a mabasi amene angafufuze, tingathe kupeza nambala ya foni ya wachibale. Anakana.

"Ndikawauza chiyani?" anatero. "Asiyeni. Anandilira kale."

Sindinawakakamize. Anabwera choncho kwa chaka ndi miyezi, kenako mdzukulu wawo anadzandiuza kuti amwalira. Pamaliro tinapita anthu ochepa a kutchalitchi kwathu, ndipo banja lawo linatipatsa mpata woimba nyimbo imodzi ya Chichewa kumanda.

Disembala wa chaka chimenecho ndinakwera basi kupita kumudzi. Ndinanyamula chikwama chimodzi ndi shuga. Anthu anatulukadi kudzaona, ndipo ena anaonetsa pankhope kuti amayembekeza zambiri. Zinandiwawa masiku awiri, kenako zinatha.

Amayi ndinawapeza atakalamba kuposa mmene mawu awo ankamvekera pafoni. Tsiku lina masana tikusenda mtedza pakhonde, ndinawafotokozera za holo ija, za namwino woimba, za bambo wachizulu amene ndinamuphunzitsa Chichewa. Kenako ndinawanenera kalata ija yonse, kuyambira poyamba mpaka pa phazi. Anamvetsera manja akugwirabe ntchito.

"Abambo ako sankalemba zambiri choncho," anatero.

"Nanga ankalemba chiyani?"

"Yomaliza anangoti ali bwino, ndipo ndisagulitse njinga yawo, adzaifuna."

Zimenezi ndinali ndisanazimvepo. Ndinadikira kuti apitirize, koma anangotapa mtedza wina m'dengu.

"Ndiye munagulitsa?" ndinafunsa.

"Ndinaisunga zaka zitatu. Kenako kunagwa njala." Anandiyang'ana. "Ukuganiza kuti chaka chimenecho unkadya chiyani iwe?"